Lole ya Lufeyo pa Phiri la Kagumuka

Lufeyo Kadammanja analota akuyendetsa lole yake yonyamulira chimanga, dzuwa lili paliwombo. Kumbuyo kwa loleyo kunalibe thumba ngakhale limodzi. Kunali bedi la kuchipatala, ndipo pabedipo panagona mkazi wake Esinala, amene anali akudwala chiyambire nthawi yokolola. Botolo la diripi analipachika pachitsulo cha m'mbali mwa lole, likungolendewera. Zimenezi sizinamudabwitse Lufeyo. Wodwala amanyamulidwa, ndipo mwamuna amene ali ndi lole sakabwereka ngolo kwa eni ake.

Chimene chinamuimitsa mutu chinali pampando wa pambali pake. Panakhala apongozi ake, aNangondo, mayi ake a Esinala.

ANangondo anamwalira kalekale, ana a Lufeyo asanayambe n'komwe sukulu. Iye ankadziwa bwino lomwe, pakuti bokosi lawo analinyamula yekha m'lole yomweyi kukalitula kumudzi. Koma za imfazo sizinamuvute kwenikweni. Chinamuvuta n'chakuti anakhala moyandikana naye chonchi, moti akamasintha giya, chigongono chake chinkatsala pang'ono kukhudza nsalu yawo. Zaka zonse zimene anakhala pachikamwini, sanakhalepo nawo pamphasa imodzi. Akakumana panjira ya kudimba, wina ankapatukira kutchire, n'kumapatsana moni atafulatirana. Nkhope yawo ankangoidziwa cham'mbali.

Ngakhale m'lolemo anasunga mwambo. Anatembenukira kuwindo, mpango atakokera mpaka m'masaya, manja ali pamiyendo.

"Mwaswera bwanji, akamwini?" anatero, akuyang'ana panja.

"Taswera bwino, amayi. Kaya inu kumene muliko?"

"Kulibe choipa. Khoterani kumanzere."

Lufeyo ankadziwa kuti chipatala chachikulu chili kutsogolo, msewu watala womwewo, osakhota. Anafuna kunena zimenezo, koma manja ake anali atakhotetsa kale chiwongolero. Tala anatha pomwepo. Lole inalowa mumsewu wa dothi lofiira, wopapatiza, umene unayamba kukwera osapereka n'komwe moni. Pambali panali chikwangwani chadzimbiri chimene zilembo zake zinali zitagwa n'kuunjikana pansi ngati masamba ouma. Mbuzi inali kuzidya.

"Uno ndi msewu wa kuti, amayi?"

"Wa ku Kagumuka."

Dzinalo anali atalimvapo. Madalaivala akale ankalitchula akakhala pansi pa mtengo kudikira katundu: phiri la migodi ya golide imene inatsekedwa iwo akadali ana, ndi msewu umene unadya magalimoto ambiri kuposa mmene chiswe chimadyera nsungwi. Koma onse ankati msewuwo unafa, unamera thengo. Lufeyo anadabwa kuupeza wamoyo, wosesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka ngati pabwalo la munthu waukhondo.

Anakwera. Msewu unkapota phiri ngati chingwe pamtolo wa nkhuni. Kudzanja lamanja kunali thanthwe lotalika mpaka kubisa thambo, kumanzere kunali phompho. Panalibe chitsulo chotchinga, panalibe ngakhale mwala wopaka laimu. Tayala lakumanzere linkayenda penipeni pa mlomo wa phomphoyo, ndipo timiyala timene linkagumula tinkagwa osamveka pofikira.

Koma kukongola kwake! Mitengo ya mombo inali itaphuka masamba atsopano, phiri lonse lili psuu, pena chikasu, pena ngati uchi woyatsidwa ndi dzuwa. Kunsi kwa phompho dziko linayalidwa mpaka kumene maso amalekera: minda yokololedwa, midzi ing'onoing'ono ngati nthanga za maungu, mtsinje ukung'anima ngati waya. Mphamba zinkauluka pansi pa lole, osati pamwamba pake. Lufeyo anayendapo misewu yambiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala yomwe, koma sanaonepo malo oti munthu n'kufuna kulira chifukwa chongowayang'ana. Ndipo nthawi zonse akati aponyeko diso, chiwongolero chinkamukokera komweko, ngati nayonso lole ikufuna kukaona.

"Musayang'ane kwambiri," anatero aNangondo. "Amene anagwa pano sanagwe ndi tulo. Anagwa ndi kuona."

Pokhota pena anaona kuti akunena zoona. Pamtengo waukulu umene unamera pakati pa phompho panakodwa minibasi, mutu uli pansi. Anthu anali m'mipando mwawo, mitolo ili pamiyendo, mayi wina akusenda nthochi. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo n'kumaitanira okwera kuti patsala malo a munthu mmodzi. Ataona lole ya Lufeyo, onse anakweza manja mwaulemu, ndipo iye anawalizira hutala pang'ono, poti ndi mmene madalaivala amachitira akakumana.

Mtunda unakula. Anatsitsa giya, n'kutsitsanso, n'kutsitsanso. Lole yake anaidziwa ngati m'kamwa mwake, ndipo magiya ake anali atatha kale, koma dzanja likakankha linkapezabe ina pansi pa inzake. Injini inasiya kulira n'kuyamba kupuma ngati ng'ombe yokoka pulawo m'dothi louma. Anasuzumira pagalasi loonera kumbuyo kuti aone Esinala. Anali chigonere, bulangete lili m'khosi, nkhope yake yowonda ikuwala ndi dzuwa. Madzi a m'botolo la diripi sankatsika. Ankakwera, botolo likudzaza pang'onopang'ono.

Kumbuyo kwa bedi, pagalasi pomwepo, anaonanso china. Amayi ambiri ovala zoyera za mvano ankatsatira lole atawerama, akupinda msewu ngati mphasa. Lole ikangodutsa, iwo ankakulunga pamene yadutsapo, ndipo m'mbuyo mwawo munkatsala mlengalenga wokhawokha. Ankagwira ntchitoyo mosathamanga, akuimba chapansipansi nyimbo imene Lufeyo sanaimve mawu ake.

"Amayi, msewu akuupinda."

"Akuusunga. Ungagwe ndi mvula."

"Nanga pobwerera tidzera pati?"

ANangondo anangokonza mpango wawo, n'kuloza kutsogolo ndi chibwano.

Anadutsa pansi pa mathithi amene madzi ake ankachoka m'chigwa kukwera kuphiri. Anadutsa anyani atakhala pamzere pathanthwe, aliyense atavala chipewa cholimba cha mumgodi, akuyang'ana lole mwaulesi ngati anthu odikira malipiro a ntchito imene anaiiwala. Kenaka mitengo inatha, ndipo dziko linasintha nkhope. Kulikonse kunali milu ya miyala yotuwa, yaitali kuposa tchalitchi, yosamera ngakhale kaudzu. Kunali maenje akuda otseguka kukamwa, ena m'mbali mwenimweni mwa msewu. Njanji zing'onozing'ono zinkatuluka m'phiri n'kukathera m'malere, pamwamba pa phompho, ndipo pa imodzi panaima ngolo yachitsulo yodzaza madzi amvula, m'menemo mukusambira abakha. Chumuni chachitali cha njerwa chinaima chokha popanda nyumba, chikutulutsa utsi wonunkhira mbatata yootcha.

Msewu unalowa pakati pa nyumba za komboni. Zinali m'mizere, zonse zofanana, zopanda madenga. Zitseko zinali zotsegula. Lufeyo anasuzumira m'nyumba ina akudutsa, ndipo m'katimo munali mtsinje, madzi ake ofiira ngati dzimbiri, ukuyenda kuchokera kuchipinda kupita pabalaza. M'nyumba yotsatira munalinso mtsinje womwewo, ndipo mwamuna wina anakhala pampando pakati pa madziwo akumeta ndevu. Pazingwe panali zovala zoyanikidwa, maovolosi ndi matewera, zouma mpaka kuuma gwa, zikugundana ndi mphepo ngati malata.

"Chepetsani," anatero aNangondo.

Anachepetsa.

"Iyo ya mpapaya pakhomoyo. Ndinkakhala mmenemo ndi aChisale, bambo ake a mkazi wanuyu. Mpapayawo ndinadzala ndine."

Lufeyo sanawaonepo aChisale, ngakhale pachithunzi. Ankangodziwa kuti anafera kumigodi, ndipo pabanjapo nkhaniyo siinkakambidwa.

"Analowa m'mawa," anapitiriza aNangondo, mawu awo ali phee ngati akunena za mtengo wa mchere. "Ndinawapatsira chinangwa chophika m'kambale. Dzuwa litapendeka, phiri linakhala pansi. Silinachite phokoso lalikulu ayi. Makapu okha ndiwo anagwa pathandala. Anakumba, anakumba, kenaka azungu anati basi, n'kutseka mgodi. Ine n'kuti ndili ndi pakati pa Esinala."

"Pepani, amayi."

"Sanamuonepo mwana wawo. Lero akamuone."

Lufeyo anapitiriza kuyendetsa. Mawuwo ankazungulira m'mutu mwake ngati ntchentche m'botolo, osapeza potulukira. Iye ankadziwa kuti wanyamula wodwala, ndipo wodwala amapita kuchipatala. Ankadziwanso kuti bambo kuona mwana wake si chinthu choipa. Zinthu ziwirizi ankaziika pamodzi, koma zinkakana kugwirana, ndipo sankadziwa kuti cholakwika chili pati.

"Kumene tikupitaku chipatala chiliko, amayi?"

"Kulibe amene amadwala kumeneko."

Anagogoda pagalasi lakumbuyo kwa mpando wake. "Nachisale! Nachisale, ukundimva?"

Esinala anatembenuza mutu osatsegula maso. "Tafika?" anafunsa.

"Sitinafike."

"Kukuzizira bwino kuno," anatero, n'kumwetulira. Panali patapita miyezi Lufeyo asanaone mkazi wake akumwetulira, ndipo kumwetulirako kunamuopsa kuposa phompho.

Komboni itatha, msewu unaima chilili. Lufeyo anagona chagada pampando, akuona mitambo yokha pagalasi lakutsogolo. Makona anayamba kubwera mothithikana, ena akuthwa moti mutu wa lole unkakumana ndi mchira wake, iye n'kumuona Esinala maso ndi maso pawindo asanawongole. Thukuta linali kamukamu. Chiwongolero chinkaterera m'manja ngati sopo. Pokhota pomaliza, phiri linatseguka.

Msewu sunapitirire pamwamba, sunazungulirenso. Unalowa m'kamwa mwa mgodi. Khomo lake linali lalikulu loti lole n'kulowa osagunda, lochirikizidwa ndi mitengo yakuda, ndipo mkati munali bii. Munkatuluka kamphepo kozizira konunkha dothi lonyowa, fungo limene Lufeyo analidziwa, pakuti anakumbako manda kangapo.

Apo mpamene zinthu ziwiri zija zinagwirana m'mutu mwake. Anaponda buleki.

"Pitirirani, akamwini."

"Amayi, ndaima."

Chikwatirire mwana wawo, aka kanali koyamba kuwayankha mosemphana ndi mawu awo. Anakoka handibuleki, ndipo inazuka yonse m'dzanja lake, ili ndi mizu ndi dothi, ngati phesi la chinangwa. Anaiyang'ana, n'kuiika bwinobwino pansi pa mpando. Lole inayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Pagalasi anaona kuti amayi a mvano aja afika. Anali atapinda msewu mpaka pafupi ndi matayala akumbuyo, ndipo anakhala pansi pambali, miyendo atatambasula, kudikira kuti lole ilowe amalize ntchito yawo.

Lufeyo analumpha. Anathamangira pamulu wa miyala, n'kunyamula umene unali pamwamba, wotuwa, waukulu ngati dzungu, n'kuutsamiritsa kuseri kwa tayala lakumbuyo. Lole inagwedezeka, n'kuima.

"Moni, bambo," unatero mwalawo.

"Zikomo," anayankha Lufeyo, akupuma mwabefu.

"Katundu wanuyu ndi wolemera. Muli chiyani?"

"Mkazi wanga. Wawonda kwambiri, salemera."

"Si thupi limene likulemera. Ndigwira, koma musachedwe. Ine anandiphwanya kale kamodzi, ndili ndi mng'alu mkati."

Lufeyo anazungulira kupita kuchitseko cha apongozi ake. Sanachitsegule. Ananjuta pansi pambali pa tayala lakutsogolo, nkhope atalozetsa kuphiri, n'kuwomba m'manja mofatsa.

"Amayi, ndilankhule."

"Lankhulani."

"Mwana wanu ndinamutenga kwa inu masana, anthu akuona. Sindinamube. Ana kunyumba akumudikira. Wamng'ono uja sadya mpaka amuone. Ine m'menemu sindimulowetsa."

Mphepo inkaliza zitsulo zakale penapake kumbuyo kwa milu ya miyala. Lufeyo anadikira mawu aukali, pakuti aNangondo ali moyo sankabwezedwa mawu ndi munthu, ngakhale abusa. Koma chitseko chinatseguka, mapazi awo opanda nsapato anatera pansi, ndipo anakhala pachitsulo chokwererapo, atamufulatira.

"Akamwini," anatero, "chiyikireni m'manda ine, ndili pakhomo pano."

"Pano?"

"Pano. Anzanga onse analowa kwawo. Ine anandiuza kuti kwanu n'kumene kuli amuna anu. Ndimafika pakhomopa, n'kusuzumira, n'kubwerera. Mdimawu ndinauopa ndili mtsikana, pamene ndinkabwera kudzaima pano kuitana dzina lawo. Ndimayesa munthu akafa mantha amatha. Satha."

Lufeyo anali asanaganizepo kuti apongozi ake angaope kanthu.

"Ndinati mwana wanga watopa kale ndi matenda," anapitiriza aNangondo. "Ndinati andigwire dzanja, tilowe awiri."

"Ndikuperekezani ndine, amayi."

"Inu? Mkamwini ayenda njira imodzi ndi mpongozi wake?"

"Ndikhala patsogolo. Sinditembenuka."

Kenaka Lufeyo anamva nsalu ikukhudza phewa lake. Anali atamasula chitenje chapamwamba, n'kumupatsa nsonga imodzi, iwo atagwira inayo.

Analowa. Mdima unali wokhuthala ngati phala, woti munthu n'kuukankha ndi chifuwa. Pansi panali njanji, ndipo Lufeyo ankaitsata ndi mapazi. Chitenje chinkanjenjemera m'dzanja lake. Madzi ankadontha kuchokera kudenga, ndipo dontho lililonse likagwa linkatchula dzina la munthu, motsitsa, ngati mphunzitsi woitana ana amene akudziwa kuti sabwera. Anatsika, anakhota, anatsikanso. Lufeyo anayamba kukayika ngati analowa lero kapena chaka chatha, ndiponso ngati amene wagwira nsonga ina ya chitenje akadali apongozi ake.

"Mulipo, amayi?"

"Ndilipo. Musathamange."

Kenaka kunayera. Pansi pa phiri panali masana, ngakhale dzuwa silinkaoneka pamene lili. Anatulukira pabwalo lalikulu la mwala, ndipo m'mbali mwake munakhala amuna ambiri pamzere, atatsamira khoma, mapiki ndi mafosholo ali pambali. Nyali za pazipewa zawo zinali zoyaka. Onse anali anyamata, ndipo fumbi linawayeretsa nsidze ndi ndevu. Ankaoneka ngati anthu amene apuma pang'ono pantchito ndipo akudikira belu.

Chitenje chinathothoka m'dzanja la Lufeyo. ANangondo anamudutsa, n'kuyenda molunjika kwa mnyamata wina wamtali wa mpata kumano, amene anali ndi kambale pamiyendo. Anagwada patsogolo pake. Mnyamatayo anali wamng'ono kuposa Lufeyo, woti akanatha kukhala mwana wake woyamba.

"Mukufuna yani, agogo?" anafunsa mwaulemu.

"Ndabwera kudzatenga mbale yanga," anatero aNangondo.

Mnyamatayo anayang'ana kambaleko, n'kuyang'ana nkhalambayo. Anavula chipewa, n'kuwaunika kumaso ndi nyali yake, pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano. Apo mpamene Lufeyo anaiona nkhope ya apongozi ake koyamba, yonse, ndipo anapeza kuti ndi nkhope ya Esinala, imene Esinala adzakhale nayo akadzakalamba, ngati adzakalambe.

"Nangondo," anatero aChisale. "Wachedwa bwanji?"

"Kunali ntchito."

"Mwana anabadwa?"

"Anabadwa. Wamkazi."

"Wamkazi," anabwereza aChisale, n'kutembenukira anzawo. "Mwamva? Wamkazi!" Mawuwo anayenda pamzere wonsewo, wina kuuza mnzake, ndipo ena anawomba m'manja, fumbi lili koboo. "Ali kuti nanga? Wamusiyira yani, poti ayenera kuyamwa?"

"Ali panja," anatero Lufeyo. "Koma salowa."

AChisale anamuunika. "Bambo awa ndani?"

"Akamwini anu."

"Akamwini? Khanda lakwatiwa kale?"

"Lakwatiwa, lili ndi ana."

AChisale anakanda m'mutu. Ankaoneka kuti asokonezeka kuposa Lufeyo, ndipo zimenezo zinamulimbitsa mtima Lufeyo pang'ono. Anasendera pambali kuti akazi awo akhale, n'kutsegula kambale kaja. Chinangwa chinali chikadatuluka nthunzi. Ananyema, n'kupatsa aNangondo, n'kunyemanso n'kutambasulira dzanja Lufeyo.

"Asadye," anatero aNangondo msanga. "Akubwerera awa."

"Chabwino. Mukamupatse moni mwana wangayo. Mukamuuze kuti tikaweruka ndidzamuona." Anatafuna pang'ono, kenaka anakweza mutu. "Mwati ali panja. Pakhomo paja n'potsetsereka. Mwamusiya ndi yani?"

"Ndi mwala."

Kutafuna kunaleka. Nyali zonse za pamzerewo zinatembenukira kwa Lufeyo nthawi imodzi, mpaka anaphimba maso ndi mkono.

"Mwala wa phiri lino?" anafunsa aChisale.

"Unalonjeza kuti ugwira."

"Akamwini," anatero aChisale mofatsa, "tonse mukutiona panofe, mwala unatilonjeza."

Lufeyo anatembenuka n'kuyamba kuthamanga. Sanatsanzike. Miyendo inkamira mumdima mpaka m'mawondo, ndipo akaponda kamodzi njira inkatalika kawiri. Anagwa, n'kudzuka, n'kukwawa ndi manja motsata njanji. Madontho aja ankatchulabe mayina, ndipo iye ankaimba mokweza nyimbo iliyonse yobwera m'kamwa, ya kutchalitchi ndi ya kumowa yomwe, kuti asamve ngati atchule la mkazi wake. Kutsogolo kunaoneka kadontho koyera, kanakula ngati mbale, ngati lichero, ndipo anatulukira padzuwa.

Lole inali itasuntha. Amayi a mvano anali ataimirira, akukonza nsalu m'chiuno. Pansi pa tayala mwala unali utang'ambika pakati, ufa wotuwa ukutuluka mumng'alumo.

"Mwachedwa, bambo," unatero. "Ndayesetsa. Mundikhululukire."

Unaphwanyika ngati chigumu.

Lufeyo sanaganize zokwera kutsogolo, pakuti kunalibe buleki yoti akagwire. Anathamangira kumbuyo kwa lole, pakampata kamene kanatsala pakati pa matayala ndi malekezero a msewu, n'kutsamiritsa phewa pachitsulo. Zidendene zake zinali pamlomo penipeni, kumbuyo kwake kuli mlengalenga, ndipo kunsi kutali mphamba zikuzungulira pamwamba pa mitengo yofiira ija. Kulemera konse kwa lole kunatsikira paphewa pake. Anamva mafupa akulira. Nsapato zinayamba kuterereka, timiyala tikugwa.

"Amayi, thandizeni!" anakuwa.

"Ife ntchito yathu ndi yopinda," anayankha mmodzi mwaulemu. "Tidikira."

Anakankha. Lole siinapite kutsogolo, koma siinabwererenso. Pamwamba pake, pabedi, anamva Esinala akutembenuka, akutsokomola, akutchula dzina lake.

"ALufeyo. ALufeyo!"

Anatsegula maso. Anali atagwada pasimenti m'wodi ya amayi, dzuwa lamasana likulowa pawindo. Anali atabwera molunjika kuchokera ku ulendo kudzaona wodwala, ndipo tulo tinamuba atakhala pansi pambali pa bedi. Tsopano phewa lake linali litakanirira kuchitsulo cha kumiyendo kwa bedilo, mapazi atawaponda kukhoma, malaya ali chonyowa. Mayi wa pabedi loyandikana anasiya kumwa phala, supuni ili m'malere, akumuyang'ana.

Esinala anali atadzutsa mutu papilo. Maso ake anali olowa, milomo youma, koma ankamuyang'ana iye, osati kudenga monga ankachitira masiku onsewa.

"Mukukankhiranji bedi?" anafunsa.

Lufeyo anayang'ana pansi. Simenti inali yosalala, yopanda mtunda. Anayang'ana miyendo ya bedi, botolo la diripi, anamwino akudutsa pakhomo ndi thireyi ya mankhwala. Zonse zinali m'malo mwake. Koma kulemera kuja kunali kukadali paphewa pake, konse, osachepako.

"Likutsetsereka," anatero.

Esinala anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanaseke. Anabweza mutu papilo, n'kutulutsa dzanja lake lowonda m'bulangete mpaka zala zinafika patsitsi la mwamuna wake.

"Ndakhala ndikulimva," anatero. "Ndiye musasiye."

Belu lothamangitsa odzaona odwala linalira. Anthu ananyamula madengu awo n'kumatuluka, mlonda anafika pakhomo n'kugogoda ndi ndodo yake, anamwino anabwera kudzamulankhula mofatsa, kenaka mokweza. Lufeyo anawamva onsewo. Anangosuntha bondo limodzi kuti apondetse bwino, n'kulimbitsa phewa.